Mau a Mlembi: Mwana Wophunzira Masamu Akafuna Malonda



Pa tsiku la chikumbutso chathu lino tifuna tikambeko nkhani imene ikuŵaŵitsa mitima m'makomo ena kuno ku Benga. Mwana tamlipirira sukulu ndi ndalama za usipa ndi mpunga, wakaphunzira masamu kapena sayansi zaka 4 ku yunivesite, ndipo pobwera akuti afuna kuyamba malonda. Ife kukamwa kumangoti yasa, poganiza kuti ndalama zathu zaloŵa m'madzi.

Tamvani za Mai Rachel Sibande. Iwo anaphunzira sayansi ya makompyuta ku Chancellor College ku Zomba, ndipo pambuyo pake anatsegula mHub ku Lilongwe, malo oyamba otere m'Malaŵi muno, othandiza achinyamata kuyamba ntchito zaozao ndi luso la makompyuta. Kodi tinganene kuti anataya maphunziro?

Koma tisapite kutali. Malonda athu a kunyanja kuno ndi masamu okhaokha. Usipa timagula wauŵisi, tikauyanika pa thandala umapepuka, ndipo nthaŵi ya mvula wina umaola. Onjezanipo ndalama ya galimoto yopita ku Salima, ya msonkho wa pamsika, ndi ya nsima ya paulendo. Ndi angati amene amalemba zonsezi m'buku? Tiyerekeze wakatapila wapatsa mai K100,000 kuti mwezi ukatha abweze K150,000. Maiyo amalandira ndi manja aŵiri, kugwada kumene, chonsecho mwana wamasamu akadaŵerengera tsiku lomwelo ndi kumuuza ngati usipawo ungabale phindu lotere.

Tsono inu ana, tcherani khutu. Digiri siidziŵa mwini chilimira amene amasunga pangano, kapena wogula amene akatenga pa ngongole sabweranso. Zimenezo zili ndi amai anu amene akalambira pa doko. Yambani ndi zochepa, dzukani nao m'mamaŵa, fungo la nsomba musachite nalo manyazi, ndipo ndalama za malonda zisagone m'thumba limodzi ndi za ndiwo.

Pempho lathu ndi ili: ana ophunzira amene ali pamudzi tiŵaitane chaka chino adzatiŵerengere mabuku a banki mkhonde. Amene muli nao kwanu, perekani maina kwa msungichuma tikatuluka.