Mphekesera za Modemu ya Lamya Zam'manja

M'kati mwa lamya yam'manja muli kachipangizo kotchedwa modemu, kamene kamalankhulana ndi nsanja ya netiweki. Kakakhala kadyera, batire silifika madzulo.

M'chaka cha 2019 kampani ya Apple idagula gawo la Intel lopanga mamodemu, ndipo mu 2025 idaika modemu yakeyake, C1, mu iPhone 16e. Mu iPhone 17 idaikamo N1 yoyendetsa Wi-Fi ndi Bluetooth, koma modemu idali ya kampani ya Qualcomm. Tsono mphekesera zikuti kutsogoloku C2 idzalowa m'malo mwa Qualcomm.

Inu ogula, musatayire ndalama zakumva. Dikirani lamyayo iyambe yayesedwa kumene netiweki ndi yofooka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.