Masewera a pa foni ndi monografia ya mng'ono wanga

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma ndili ndi mng'ono wanga ku yunivesite amene ndikumulipirira propina ndi ndalama za mbatatesi. Choncho nkhani ya leroyi ikundikhudza m'thumba.

Pa tchuthi anabwera kumudzi. Usiku ine ndikuwerengera za feteleza, iye ali pakhonde ndi foni, akukuwa kuti "bisala, bisala!" ngati kwagwa nkhondo. Ndinapirira masiku atatu, kenako ndinamulanda foniyo. Ndinati, "Iwe, ndalama za mamega ndimakutumizira zija ndi za zimenezi?" Iye anati, "Achimwene, imeneyi ndi monografia yanga." Ndinaona ngati akundinyoza.

M'mawa anandifotokozera. Akuphunzira Sociologia, maphunziro a kakhalidwe ka anthu, ndipo kuti amalize ayenera kuchita kafukufuku. Iye anasankha achinyamata osewera Free Fire. Masewerawa anatuluka mu 2017. Anthu 50, aliyense ndi foni yake kumene ali, amaponyedwa pachilumba chimodzi, ndipo pa mphindi pafupifupi khumi wotsala kapena gulu lotsala ndiye lapambana. Muli ma diamondi ogula ndi ndalama zenizeni. Iye akufuna kudziwa kuti ndalamazo anawa amazipeza kuti, amene amatsogolera gulu amasankhidwa bwanji, nanga anthu osaonanapo amakhulupirirana bwanji.

Chimene chinandigwira mtima ndi nkhani ya mu 2005. M'masewera ena otchedwa World of Warcraft, opanga anaika matenda oti azigwira osewera pamalo amodzi okha pamene ankamenyana ndi chilombo. Koma ziweto za osewera, za m'masewera momwemo, zinatenga matendawo nkupita nawo m'mizinda, ndipo ofooka anagwa ambirimbiri. Ena anathawira kutali, ena anathamangira kukachiza anzawo, ena anapita kukangoonerera nkutengako, ndipo ena ankafalitsa dala. Mu 2007 akatswiri awiri, Eric Lofgren ndi Nina Fefferman, analemba m'magazini ya madokotala kuti zimenezi zingaphunzitse mmene anthu amachitira pa mliri. Ine nditamva ndinakumbukira chigodola cha nkhumba. Paja chikagwa, wina amatseka khola lake, wina amapha msanga nkukagulitsa nyama mudzi wina usiku. Apa ndinavomera kuti m'masewera muli chophunzira.

Komabe sindinagonje msanga. Alangizi akamapanga munda wachitsanzo amalemba tsiku lodzala, mbewu yake, feteleza wake. Ndiye ndinati, "Tabweretsa kaderno wako ndione." Abale, munali masamba awiri okha olembedwa, pa miyezi itatu! Anaweramitsa mutu. Anavomera kuti akalowamo amaiwala kuti wabwerera kafukufuku, amangofuna kupambana.

Ndiye kwa ophunzira amene mukufuna kufufuza za masewera otere, malangizo anga ndi omwe tinagwirizana ndi mng'ono wangayu. Kusewera nkofunika, chifukwa sungalembe za chinthu chimene sunalowemo. Koma ukasewera ola limodzi, lemba ola limodzi, tsiku lomwelo mutu usanaiwale: munali angati, analamula ndani, anakangana chifukwa chiyani. Uwauze anzako osewera nawo kuti ukufufuza, avomere okha, ndipo maina awo asalowe m'buku. Ngati ndi mwana, uyambe wapempha makolo ake. Funso lako likhale limodzi, laling'ono. Wanga uja anali ndi mafunso atatu, aphunzitsi omuyang'anira anamuuza kuti atsale ndi la ndalama lokha, ndipo anachita bwino kumuuza. Usadikire mwezi womaliza kuti ukaonane nawo aphunzitsiwo. Komanso udziikire maola. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la OMS mu 2019 linavomereza kuti kukanika kusiya masewerawa, mpaka sukulu ndi ntchito nkumaonongeka, ndi matenda ndithu. Wofufuza nayenso akhoza kugwidwa nawo.

Kwa makolo anzanga, musathamangire kulanda foni monga ndinachitira ine. Mufunseni mwana akufotokozereni maphunziro ake m'Chichewa, ndipo muone kaderno. Ngakhale Chipwitikizi chikukuvutani, masamba odzaza ndi opanda kanthu mutha kuwasiyanitsa.

Tsopano mamega ndikumutumizira kamodzi pa sabata, iye akayamba watumiza chithunzi cha zimene walemba. Tchuthi chikubwerachi akufuna kucheza ndi achinyamata khumi a kuno amene amasewera. Makolo amene mwalola ana anu, mukalembetse kwa mlembi wa kalabu tikamatuluka.