Ufa woopsa ukudutsa m'misewu yathu

Bwana DC ndi akuluakulu a khonsolo, Gogo Chalo ndi mafumu onse, olemekezeka aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi makhansala, mkulu wa apolisi m'boma lino, akuluakulu a zaumoyo, abusa, ansembe ndi mashehe, aphunzitsi ndi ana asukulu, amabungwe omwe si aboma, atolankhani, amayi a kwaya amene agwedezetsa phazi ngakhale Bwana DC, anyamata a kabaza amene asiya makasitomala lero, amayi ndi abambo nonse, landirani ulemu wanu. Amene sanatchulidwe asakwiye, mlandu ndi wa wolemba mndandanda.

Lero pa 26 June dziko lonse lapansi likukumbukira nkhondo yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo. Kuno kwathu nkhaniyi ikatchulidwa, aliyense amangoganiza za chamba. Za heroin ambiri amati n'za m'mafilimu.

Heroin amapangidwa kuchokera ku utomoni wa duwa la poppy. Mu 1898 kampani ya Bayer ya ku Germany inkamugulitsa ngati mankhwala a chifuwa. Inde agogo, a chifuwa! Kwa zaka zambiri Afghanistan ndiye inkalima duwali kuposa dziko lina lililonse, mpaka a Taliban analiletsa mu 2022. Ufa wa heroin umanyamuka pamabwato kugombe la Pakistan ndi Iran, n'kudzakocheza ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, kenako pamsewu ulendo wa ku South Africa. Ana asukulu tayang'anani mapu, Malawi ali pakatikati pa njirayo.

Ku Joni, komwe anyamata ochuluka a kuno amakasaka maganyu, heroin amasakanizidwa ndi chamba n'kumatchedwa nyaope kapena whoonga. Poyamba wosuta amamva thupi kupepuka, nkhawa zonse balala. Posakhalitsa thupi limazolowera, ndipo tsiku limene wamusowa mafupa amaphwanya, m'mimba mumapota, thukuta kamukamu, kusanza ndi kutsekula komwe. Chibaba chimenecho n'chimene chimasowetsa foni ya mayi ake m'nyumba, mawa lake mapoto. Akachulutsa mlingo, kupuma kumachepa pang'onopang'ono mpaka kuima ali m'tulo. Odzibaya amabwerekana jakisoni, ndipo HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis C zimadutsira pomwepo, chonsecho dziko lino lakhetsa thukuta zaka zambiri kuti HIV ichepe.

Lamulo la Dangerous Drugs Act silinyengerera: kupezeka ndi heroin, kumugulitsa kapena kumunyamulira munthu wina ndi mlandu wopita nawo kundende. Apolisi ndi a MRA amene amachezera kusecha katundu pa Songwe, Dedza, Mwanza ndi pabwalo la ndege la Kamuzu, tiwaombere m'manja. Atsikana amene amalonjezedwa tikiti ya ndege yaulere kuti akangopereka kachikwama adziwe kuti ku Singapore wozembetsa magalamu oposa 15 a heroin akhoza kuweruzidwa kuti anyongedwe.

Makolo nawo amve. Mwana wosagwira ntchito akabwera ndi galimoto, pakhomo pamamveka nthungululu, wofunsa kumene kwachokera ndalama palibe. Mnzake amene wakodwa ndi ufawo amamangidwa chingwe kuchipinda, kuopa manyazi.

Wokodwayo ndi wodwala. Anzathu a ku Tanzania anatsegula kiliniki ya methadone, mankhwala othandiza kusiya heroin, pachipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011, ndipo kuno thandizo likupezeka ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu. Mafumu athu, kauzeni anthu anu kuti wodwala amuperekeze kuchipatala, wogulitsa akamunene kupolisi.