Mphatso ya pa Kampeni Sibwezedwa Cifukwa ca Voti



Cisankho ca pa 9 Okutobala 2024 citatha, mayi wina ku Mandimba anandifunsa kuti: "Uja anandipatsa kapulana ndi khasu pa kampeni wabwera, akuti ndibweze poti cipani cake sicinapambane m'mudzi muno. Kodi ndibweze?"

Yankho ndi lakuti ayi. Lamulo la dziko lathu la Código Civil limati munthu akakupatsani cinthu mwaulere, inu n'kucilandira, cinthuco ndi canu. Pa katundu wonyamulika monga njinga, wailesi kapena mbewu, sipafunika kalata. Wakupatsani m'manja, mwalandira, basi kwatha. Musanalandire angathe kusintha maganizo. Koma mukalandira, zifukwa zoti atengenso n'zocepa, monga ngati mwamulakwira mlandu waukulu, ndipo ngakhale pamenepo ayenera kukadandaula ku khoti. Sangaweruze yekha pakhomo panu. Kusavotera cipani cake sikuli pa zifukwa zimenezo.

Ndiponso wadziwa bwanji amene munamuvotera? Ndime 73 ya Constituição imati voti ndi yacinsinsi. Pepala la zotsatira limene amamata pamalo ovotera limaonetsa ciwerengero ca tebulo lonse, mulibe dzina la munthu. Akanena kuti "ndinakupatsani kuti mundivotere," wadziulula yekha, pakuti kugula mavoti ndi mlandu.

Koma tisanamizane, abale anga. Kupatsidwa ndi kubwerekedwa n'zosiyana. Njinga imene anakupatsani kuti muziyendera pa nchito ya kampeni, atanena kuti mudzabweza, imeneyo bwezani ndithu. N'cifukwa cake polandira cinthu camtengo muzifunsa pamaso pa anthu awiri kuti: "Mwandipatsa kapena mwandibwereka?" Musacite manyazi.

Akabwera ndi ukali, musalimbane naye, koma musamulole kulowa m'nyumba. Ndime 68 imateteza nyumba yanu. Itanani amfumu ndi anthu amene analipo tsiku lolandira. Akatenga mokakamiza, kaneneni ku polisi. Nkhani yaing'ono ingathere ku tribunal comunitário. Ikakanika, ofesi ya IPAJ ku Lichinga imathandiza osauka pa milandu popanda kulipira.

Khadi lanu lovotera lokha musalipereke kwa wina aliyense, ngakhale atati angolisunga mpaka mubweze kapulana.