Kusamba Thupi ndi Kusamba Mapazi (Yohane 13:1-11)

Ife tiri nao mau ambiri a nchito ya madzi: mbale titsuka, nsaru ticapa, kumaso tisukusula. Ahelene naonso anasiyanitsa cotero, ndipo Cipangano Catsopano cinalembedwa m'cinenedwe cao. Liu lakuti pluno ndilo la kutsuka cinthu, monga makoka a asodzi pa Luka 5:2. Lakuti nipto ndilo la kusamba ciwalo cimodzi, manja, nkhope kapena mapazi. Koma louo ndiko kusamba thupi lonse, monga anasambitsa mtembo wa Dorika pa Macitidwe 9:37.

Usiku uja Petro anayamba wakana kuti Ambuye amsambitse mapazi. Pakumva kuti akapanda kusambitsidwa alibe gawo ndi Iwo, anapempha manja ndi mutu womwe. Ndiye Petro ameneyo, wosadziwa kuima pakati! Pomuyankha, pa ndime ya 10, Ambuye anachula mau awiri, louo ndi nipto; koma ife timati "kusamba" ponse pawiri, ndipo cifukwa cace tiwerenga osaona kusiyana kwace. Mlendo woitanidwa kuphwando asamba thupi lonse kwao. Atayenda m'njira ya pfumbi, pofika pakhomo angosowa madzi a kumapazi. Sabwerera kukasambanso.

Louo acitika kamodzi. Ndiko kusamba kwa kubadwanso kumene Paulo anena pa Tito 3:5, ndi liu la muzu womwewo, loutron. Ndipo ubatizo ndiwo cizindikilo cace. Nipto ndiye wa masiku onse.

Alipo ena mwa ife amene, atagwa m'cimo, ayesa kuti ubatizo wao wafafanizika. Athawa Mgonero wa Ambuye zaka zambiri, kapena afuna wina wowabatizanso. Mbale wanga, cimene cakudetsani ndico pfumbi la panjira. Ululani, tambasulani mapazi anu kwa Iye. Mtsinje waciwiri suufunika. Koma ocuruka koposa, ine ndiyesa, ndiwo akuti, "Ndinabatizidwa kale, dzina langa liri m'buku la Eklesia," nalowa m'nyumba ya Mwini phwando ndi matope a mabodza ndi a udani, osapempha madzi. Amenewa akana cimene Petro anakana, ndipo mau amene anaopsa Petro awapeza iwonso.

Yudase nayenso anali m'cipindamo pamene madzi anathiridwa m'nsambidwe. Cifukwa ca iye, Yohane atiuza pa ndime ya 11, Ambuye ananena kuti si onse anali oyera.