Mapiritsi a Mafuta a M'magazi ndi Zovuta za M'kamwa

Nsima ikayamba kukakamira pakhosi, ndiwo n'kumamveka ngati chitsulo palilime, ambiri amathamangira kudzudzula wophika. Komatu nthawi zina mlandu umakhala wa mapiritsi amene munthuyo amamwa asanagone.

Mapiritsi ochepetsa mafuta a m'magazi, amene madotolo amawatcha kuti ma statin, anachokera ku ntchito ya katswiri wa ku Japan, a Akira Endo, amene m'zaka za m'ma 1970 anapeza mankhwalawa m'chuku. Oyamba kuloledwa kugulitsidwa ku America anali lovastatin, m'chaka cha 1987. Pambuyo pake panabwera simvastatin ndi atorvastatin. Ntchito yawo ndi kubweza chiwindi kuti chisapange kolesterolo wochuluka, amene amatseka mitsempha ndi kudzetsa matenda a mtima ndi kufa kwa ziwalo.

Anthu ochuluka amamwa mapiritsiwa osaona chovuta. Koma ena amadandaula kuti m'kamwa mwawo mumauma, makamaka usiku, pamene malovu amachepa kale mwachibadwa. Kuuma kumeneku sikoyenera kukuchepetsa, pakuti malovu ndiwo amatsuka mano ndi kuziziritsa asidi amene amawabowola. Akachepa, mano amawola msanga, nkhama zimatupa, ndipo m'kamwa mumayamba kununkha. Ena chakudya chimawasinthira kukoma. Ena ochepa amatuluka zilonda kapena timizere toyera m'kati mwa masaya. Wouma m'kamwa azimwa madzi pang'onopang'ono tsiku lonse, azitsuka mano kawiri ndi mankhwala okhala ndi fluoride, ndipo asamanyowetse pakhosi ndi maswiti kapena zakumwa zotsekemera, poti kumeneko n'kuitanira akuba m'nyumba yopanda mlonda.

Pali chinanso chimene chimasokoneza anthu. Ambiri omwa ma statin amamwanso amlodipine wa kuthamanga kwa magazi, ndipo mankhwala amenewa ndiwo amadziwika ndi kukulitsa nkhama mpaka kuyamba kuphimba mano. Choncho wosiya statin mwa yekha akhoza kutaya chishango cha mtima wake, nkhama zake n'kukhalabe chitupire.

Koma ngozi yaikulu imabwera pamene munthu wapita kukafuna chithandizo cha m'kamwamo. Mankhwala ena amene dotolo wa mano amapereka, monga clarithromycin, erythromycin, ndi miconazole wopaka pa zoyera za palilime, amalepheretsa chiwindi kuphwanya simvastatin. Zikatero mankhwalawo amaunjikana m'magazi nayamba kuwononga minofu. Munthu amamva kuphwanya m'ntchafu ndi m'mapewa, amafooka, ndipo mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka. Wotere afunika kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa impso zikhoza kuleka kugwira ntchito. Mankhwala ena otalikitsa moyo kwa amene ali ndi HIV, makamaka okhala ndi ritonavir, nawonso sagwirizana ndi simvastatin. Chimodzimodzi wotupa milomo kapena lilime mwadzidzidzi asadikire kuti kuche.

Vuto n'lakuti ambiri akakhala pampando wa dotolo wa mano amangotchula dzino lowawalo, poganiza kuti za mtima zilibe gawo pamenepo. Wanzeru amanyamula buku lake la kuchipatala, kapena timapepala ta mapiritsi onse amene akumwa, nawaonetsa dotoloyo asanalembe kanthu. Dotolo akadziwa, amasankha mankhwala ena osalimbana ndi statin, kapena amapangana ndi dotolo mnzake kuti mapiritsi a mafutawo aimitsidwe kwa masiku owerengeka kufikira chithandizo cha m'kamwa chitatha.