NYENGO YA KUYOYOKA KWA MASAMBA PA GOMBE LA CORNWALL

Mau okambidwa kwa aphunzitsi a sukulu za kumidzi

Mphunzitsi ali yense amene waphunzitsapo Cingerezi adziwa bvuto la mau akuti autumn. Ana awachula bwino, nawalemba mosaphonya, koma akafunsidwa tanthauzo lace angoti cete, pakuti nyengo yotere siioneka m'dziko muno monga mabuku aifotokozera. Mwana amvetsa nyengo pamene aona anthu ndi nchito zimene agwira m'nyengomo. Cifukwa cace nkhani ino itsata anthu a dera limodzi lokha, la Cornwall.

Cornwall ndi dziko lopapatiza ku mathero a kumwera cakumadzulo kwa Mangalande, lozingidwa ndi nyanja yamcere pafupifupi mbali zonse. Nyengoyi ifika kumeneko kuyambira September kufikira November, pamene kuno dzuwa liwamba ndipo anthu ayembekeza mvula yoyamba. Kusiyanaku kucokera m'kupendekeka kwa dziko lapansi: mbali ya kumwera ikaweramira dzuwa, ya kumpoto ilifulatira. Ca pa 23 September usana ndi usiku zilingana. Pambuyo pace dzuwa lifulumira kulowa, m'mawa muzizira, masamba afiira nayoyoka. Koma madzi a Atlantic asunga kufunda kwa malimwe, kotero kuti cisanu cicedwa kufika pa gombelo, ndipo masiku ena akhala oti mbee, okoma kuyendamo pamwamba pa matanthwe.

Cimwemwe coyamba cinali ca kumunda. Kale, pokolola tirigu ndi zikwakwa, okolola anali kusiya kamtolo kamodzi kotsiriza, kamene anakacha "khosi". Mmodzi wa iwo anali kukadula nakakweza kumwamba, napfuula kuti wakapeza. Anzace anali kumfunsa cimene wapeza, ndipo iye poyankha kuti ndi khosi, onse anali kukuwa mokondwa, mpaka a m'minda yoyandikana anadziwa kuti kumeneko nchito yatha. Kamtoloko anali kukaluka ndi kukapacika m'nyumba ya mwini munda. Atafika makina okololera mwambowu unazilala, koma m'zaka za m'ma 1920 mabungwe a Old Cornwall anaudzutsa.

Cimwemwe caciwiri cinali ca kunyanja. Kumapeto kwa malimwe ndi m'miyezi yotsatayo, nsomba zochedwa pilchard, zokulirapo kuposa usipa, zinali kufika pafupi ndi gombe m'magulu osawerengeka. Mudzi uli wonse wa asodzi unali ndi mlonda wokhala pa tanthwe lalitali, kuyang'anira mtundu wa madzi. Akaona madzi atada ndi nsomba anali kupfuula kuti "Hevva!", ndipo mudzi wonse unali kusiya nchito zina kuthamangira kugombe. Iye mwini anali kutsala pamwamba, kuwongolera ngalawa pogwedeza zitsamba m'manja mwace, pakuti a m'ngalawa sanathe kuona kumene nsomba zalowera. Amai anali kuziunjika ndi mcere kwa milungu inai kapena isanu, nazipanikiza m'migolo. Mafuta otuluka anali kuyatsira nyali, ndipo migolo yambiri inali kugulitsidwa ku Italy. Nsombazo zikapanda kufika, mudzi unali kulowa m'cisanu ndi njala. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 zinayamba kusowa, ndipo usodzi wotere unatha. Koma kanyumba koyera ka mlonda kakali ciimire ku Newquay.

Nyengo yomweyo inali ndi misozi yace, pakuti ndiyo imene mikuntho iyamba kuomba kucokera kunyanja. Mu September 1842 combo cochedwa Caledonia cinasweka pa matanthwe a Morwenstow, napulumuka munthu mmodzi yekha. Wansembe wa mudziwo, Robert Stephen Hawker, anasonkhanitsa mitembo naiika m'manda a chalichi cace. Caka cotsatira, pa 1 October 1843, munthu yemweyo anaitana anthu ace ku mapemphero oyamika cifukwa ca zokolola, ndipo mkate wa pa Mgonero unapangidwa ndi tirigu watsopano. Anthu amene anaona nyanja ikumeza anzao anadziwa kuti cakudya ca caka si cinthu cocipeputsa. Mwambo wa Hawker unawanda m'machalichi a Mangalande, ndipo tsiku la zokolola lisungidwa lero m'mipingo yambiri, ngakhale ya kuno.

Tsono mphunzitsi acitenji ndi zonsezi? Poyamba, aonetse ana kuti nchito za nyengo ija zifanana ndi za masika, pamene nkhokwe zidzala ndi mphepo yozizira iyamba, ngakhale miyezi yace isiyana. Mwana amene anathandiza kukolola cimanga samasowa pogwira akamva za kamtolo kotsiriza ka tirigu. Wa m'mbali mwa Luangwa adziwa kale cimene nsomba zitanthauza pa banja.

Caciwiri ncacikuru koposa. Ana ambiri ayesa kuti miyambo ya m'mabuku ndiyo yaulemu, ndipo ya kwao njocititsa manyazi. Koma anthu a Cornwall anatsala pang'ono kutaya yao, naipezanso cifukwa ena anafunsa okalamba nalemba zimene anamva. Momwemonso Nc'wala ya Angoni, mwambo wolawa zakudya zoyamba kuca, inaleka pambuyo pa nkhondo ya 1898, ndipo inadzutsidwa mu 1980 pokhala panali anthu oikumbukira. Mphunzitsi atume ana kwa agogo ao, akafunse m'mene mudzi unali kulandirira masika, amene anali kulawa dzungu loyamba, ndi zimene zinali kuletsedwa asanalawe. Mayankho alembedwe m'buku limodzi losungidwa pasukulu, ndi dzina la mudzi ndi caka. Nchitoyi isayembekeze caka camawa, pakuti nkhalamba zodziwa izi zicepa masika ali onse.